Ife Awiri ndi Kaliwu Koti Nos

Fungo la majekete onyowa akamauma pa hita limandibweza m'chipinda cha pamwamba cha sukulu yathu ya sekondale ku Croydon, dera lina la London, momwe tinkaphunziramo Chisipanishi. Mvula ya kuno siigwa n'kuleka, imangonyowetsa munthu mwakachetechete kuyambira Okutobala mpaka kaya liti. Tinkalowa m'kalasi tili chinyezi chokhachokha, n'kuyanika majekete pa hita ya pansi pa windo, ndipo pakangopita mphindi zochepa chipinda chonse chinkanunkha bulangete losauma bwino. Pamwamba pa fungo limenelo pankabwera la inki ya cholembera pa bolodi, ndi la malalanje amene aphunzitsi athu ankasenda pa buleki. Kunja kunkamveka belu la thiramu, sitima ya magetsi yoyenda mumsewu, ikamakhota pa mphambano. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndinali mwana wamakani, matenda amene mayi anga amati sanandichoke mpaka lero.

Dzina langa ndine Tiyanjane, koma kusukulu ndinali Tia. Ndinalidula ndekha dzinalo nditatopa ndi aphunzitsi amene ankati akafika pa ine poitana mayina, ankayamba apuma kaye ngati akufuna kunyamula thumba la simenti. Tsiku loyamba la Chisipanishi, aphunzitsi athu, mayi wamfupi wa imvi amene tonse tinkangowatchula kuti Senyora, anandiuza akumwetulira kuti m'chilankhulo chawo tía ndi azakhali. Kalasi yonse inafa nalo phwete, ndipo teremu yonseyo anyamata ankandipatsa moni wogwada. Komabe ndinaona kuti bola kukhala azakhali kusiyana ndi kumva dzina langa likuphedwa m'mawa uliwonse. Ndinachoka ku Blantyre ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Chichewa ndinkamva chonse, ngakhale zonong'ona, koma kuyankha ndinkayankha m'Chingerezi basi. Mayi akayamba kulankhula Chichewa mokweza pa foni m'thiramu, ine ndinkayang'ana pawindo ngati sindikuwadziwa.

Tinkakhala awiri, ine ndi mayi, m'kafulati ka pamwamba pa shopu yogulitsa makapeti. Mayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba, ndipo masiku anayi pa sabata ankachezera kuntchito. Masiku amenewo ndinkagona khomo loyandikana nalo, kwa amake Misozi, mayi wa ku Chipata amene ankakolopa m'chipatala masana. Misozi anali atangobwera kumene kuchokera ku Zambia mu Ogasiti, msinkhu wanga ndithu, wowonda, wa maso aakulu. Tinkagona bedi limodzi, mapazi ake ozizira ngati botolo la m'filiji. M'mawa mayi ake ankatidzutsa poyatsa getsi ndi kusolola bulangete nthawi imodzi, kenako tinkalimbirana kasinki kamodzi. Pa siteji ya thiramu tinkakumana ndi mayi anga akutsika pomwe ife tikukwera, maso ali psuu, jekete pamwamba pa yunifolomu yonunkhira sopo wa kuntchito. Ankandigwira tsaya n'kunena kuti, "Tionana." Ine ndinkangoti, "Bye, Mum," n'kulowa.

Kusukulu Misozi ankakhala ngati kulibe. Chingerezi ankalankhula, koma ana ankaseka katchulidwe kake, ndiye anangoganiza zotseka pakamwa. Ankalemba pang'onopang'ono, kufufuta, kulembanso. Malo okhawo amene ankadzutsa mutu munali mwa Senyora, chifukwa m'menemo tonse tinali makanda. Wobadwira ku London ndi wobwera dzulo, tonse lilime linkatipindika mofanana. Misozi ankakweza mkono m'kalasi imeneyo mokha, ndipo potuluka ankayenda akuimba timawu tatsopanoto chapansipansi.

Mu Novembala Senyora analemba pa bolodi kaliwu ka zilembo zitatu: nos. Anati kamatanthauza "ife" pamene wina akutichitira chinthu, komanso pamene tikudzichitira tokha, ndipo kamakhala kutsogolo kwa mneni, liwu lija lonena chochitikacho. Zinkamveka zophweka. Koma titayamba kulemba, pafupifupi kalasi yonse inakaika kaliwuko kumbuyo, mmene Chingerezi chimachitira. Ine, amene ndinkadzimva kuti ndine katswiri, ndinapita pa bolodi n'kulemba kuti la profesora ayuda nos, pofuna kunena kuti aphunzitsi amatithandiza. Senyora anagwira pachifuwa ngati achita mantha. Anati nos akapita kumbuyo choncho, zimamveka ngati ayúdanos, kukuwa kwa munthu amene akupempha kuti, "Tithandizeni!" Anakonza okha: la profesora nos ayuda. Anyamata anayamba kukuwa ayúdanos, azakhali akumira. Ndinabwerera pampando makutu akutentha, ndipo nditasuzumira m'kope la Misozi ndinapeza ziganizo khumi zonse zachongedwa.

M'thiramu pobwerera, mawindo ali nthunzi yokhayokha, ndinamufunsa mwaukali kuti wabera kuti. Anandiyang'ana modabwa.

"Manje iwe chikuvuta ni chani? Ni chimozimozi na mwamene tikambila ku nyumba. Ba teacher ba-ti-tandiza. Ka ti kali kusogolo, si kumbuyo."

Analemba ndi chala pa galasi lonyowalo, nos pamwamba, ti pansi. Ndinafufuta ndi mkono wa jekete, n'kumuuza kuti Chichewa ndi Chisipanishi sizikukhudzana ngakhale pang'ono. Zinandipweteka kuti chilankhulo chimene ndinkachibisa m'thumba ngati sokosi yobooka n'chimene chinamukhozetsa.

Loweruka lake mayi ankasita mayunifolomu pabalaza, wailesi ikuimba nyimbo za kwaya, nthunzi ya simbi ikusakanikirana ndi fungo la anyezi lochokera kukhitchini. Ndinawafunsa nkhani ija monyinyirika, m'Chingerezi. Anaimika simbi, n'kundikokera pawindo. Pansi pamsewu panali bambo wa makapeti akusuta, ndipo atatiyang'ana anakweza dzanja. "Akutiona," anatero mayi. Anandikokeranso pa kalilole wa pakhomo, nkhope zathu ziwiri zili m'menemo. "Tikudziona." Kenako ananditembenuza mapewa mpaka mphuno zathu zinatsala pang'ono kugundana. "Tikuonana." Nditawauza kuti m'Chisipanishi zonse zitatuzo amagwiritsa nos yemweyo, nos ven, nos vemos, nos vemos, mayi anaseka mpaka kukhala pansi. Anati anthu amenewo ndi ankhanza, kaliwu kamodzi kukapatsa mashifiti atatu ngati nesi. Ndinawauzanso kuti nos vemos ndi mmene amatsanzikirana. "Ndiye tionana ameneyo," anatero. "Ndipo dzina lakolo walidula ukuliona? Ti ali kutsogolo, kuyanjana kuli pakati. Wataya zonse n'kutsala ndi azakhali." Ndinapsa mtima chifukwa ankanena zoona.

Makalata anabwera kumapeto kwa mwezi womwewo. Anatigawira ana asanu ndi mmodzi m'kalasi mwathu, m'maenvulopu oyera, ena onse akuyang'ana. Kalatayo inkati kuyambira Januwale, ana amene kunyumba kwawo amalankhula chilankhulo china asiya Chisipanishi, ndipo nthawi imeneyo azikaphunzira Chingerezi chowonjezera m'kachipinda ka pafupi ndi laibulale. Ndinawerenga kawiri. Ine amene nkhani zanga za Chingerezi ankaziwerenga kutsogolo kwa kalasi! Pa buleki ndinakagogoda ku ofesi ya achiwiri kwa ahedi, bambo waulemu wa mawu ofewa, amene ankamwetulira ngakhale akukukaniza. Anayang'ana pa kompyuta n'kunena kuti yanga ndi nkhani yaing'ono. Mayi anga analemba "Chichewa" pa fomu yolowera sukulu, pa funso la chilankhulo cha kunyumba. Akangosayina fomu ina yonena kuti ndi Chingerezi, ine nditsala mwa Senyora. Nditafunsa za Misozi, anati kusinthako n'kothandiza iye mwini. Anandipatsa fomu yatsopanoyo.

Ndisaname, ndinatuluka mu ofesimo mtima uli mbee. Za Misozi ndinaziika kumbuyo kwa mutu. Madzulo ndinapeza mayi akumanga nsapato kukonzekera ulendo wa kuntchito, ndipo ndinawapatsa fomu ndi cholembera. Anawerenga ali chiimire, chikwama chili paphewa.

"Ndisayine kuti m'nyumba muno timalankhula English? Ndani? Iweyo ndiye umalankhula. Ine ndimalankhula Chichewa, ndipo iwe umamva bwinobwino, makamaka ndikati chakudya chapsa. Sindisayina bodza."

Ndinakuwa. Ndinawauza kuti Chichewa chawocho chandiwonongera sukulu, kuti kuno si ku Ndirande, ndi zina zimene sindifuna kuzilemba. Mayi anaika fomuyo patebulo, cholembera pamwamba pake, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. Ndinaipinda n'kuiponya m'chikwama changa, ndipo mumtima ndinali nditaganiza kale zoyeserera siginecha yawo.

M'mawa wake tinali pa kasinki kaja, ine ndi Misozi, thovu lili kukamwa, madzi a pampopi akuzizira mpaka m'mano. Misozi analavula, napukuta pakamwa, n'kutuluka. Anabwerera atanyamula kope lake la Chisipanishi, lokutidwa bwino ndi pepala la kalendala, n'kundipatsa.

"Tenga, uzasebenzesa iwe. Ba mummy bakamba ati tisachite trouble, ni sukulu ya bene."

Sanalire. Ananena ngati munthu wobweza chinthu chimene ankadziwa kale kuti si chake. Ndinayang'ana pa kalilole wa pamwamba pa sinki, nkhope ziwiri m'kagalasi kosweka pakona, ndipo manyazi anandigwira kuyambira kumapazi. M'kalasi yonse munalibe amene ankamudziwa nos kuposa Misozi, ndiye iyeyo ndi amene atuluke, ine wa ayúdanos n'kutsala chifukwa cha bodza la pa fomu? Ndinamubwezera kopelo mwamphamvu mpaka linamugunda pachifuwa. Pa siteji ya thiramu ndinatulutsa fomu ija n'kuing'amba tizidutswa, n'kutaya m'bini. Thiramu ya mayi inali itangoima. Anaona zidutswazo zikugwa n'kundiyang'ana. Anandigwira tsaya ngati masiku onse n'kuti, "Tionana." Sindinayankhe, chifukwa ndinali ndidakali nawo mkwiyo wa dzulo, ngakhale sindinkadziwanso kuti ndakwiyira chiyani.

Sabata yomaliza tisanatsekere Khirisimasi kunali mayeso olankhula. Aliyense ankayenera kuima yekha kutsogolo n'kufotokoza zimene amachita tsiku lililonse, pogwiritsa ntchito me, kaliwu ka munthu mmodzi: me levanto, ndimadzuka, me lavo, ndimasamba. Tinamvanso kuti achiwiri kwa ahedi adzakhalapo kudzaonerera, monga ankachitira kumapeto kwa teremu. Ine ndi Misozi tinagwirizana zathu. Poyamba ankaopa, koma nditamufunsa ngati anadzukapo yekha tsiku lina chibwerereni ku London, anaseka n'kuvomera. Kwa masabata awiri tinkaloweza m'thiramu, pa masitepe a fulati, ndi pa sinki misuwachi ili m'manja. Ziganizo ankakonza ndi iye. Ine ntchito yanga inali kulimbitsa mtima ndi kufufuza m'dikishonale liwu lotanthauza kutulutsa munthu. Misozi anafunsa ngati tingaike ayúdanos kumapeto, kuti mwina atimvere chisoni. Ndinakana kwamtuwagalu. Liwu limenelo linali litandichititsa manyazi kamodzi, ndipo sitinkapita kukapempha.

Tsikulo kunja kunali mdima ngakhale inali nthawi ya masana, magetsi a m'kalasi akulira chapansipansi. Pa mawindo panali nyenyezi za mapepala zimene tinadula. Achiwiri kwa ahedi anakhala kumbuyo, kafayilo pamwendo. Ana anadutsa mmodzimmodzi, me levanto, me lavo, me levanto, me lavo, mpaka tulo tinayamba kutigwira. Senyora ataitana kuti Tia, tinaimirira awiri. Anakweza nsidze n'kunena kuti mayesowa ndi a mmodzimmodzi. Ndinayankha kuti ife timadzuka limodzi, ndiye sitinganame pa mayeso. Ndisanapatsidwe chilolezo, ndinayamba.

"Nos llamamos Tiyanjane y Misozi." Mayina athu ndi amenewo. Kanali koyamba kutchula dzina langa lonse pa sukulu imeneyo, ndipo ndinalitchula pang'onopang'ono kuti aliyense alimve. Misozi analandira ndi mawu apansipansi. "Nos levantamos a las seis." Timadzuka sikisi koloko. Tinkasinthana choncho, chiganizo ine, chiganizo iye. "Su madre nos despierta," mayi ake amatidzutsa. "Nos lavamos con agua fría," timasamba madzi ozizira, ndipo apa ena anaseka. "Mi madre nos espera," mayi anga amatidikira. "La profesora nos ayuda," ndipo nos ndinamuika pamalo pake ndikuyang'ana anyamata aja m'maso. "Nos ayudamos," timathandizana. Pofika apa mawu a Misozi anali atalimba, akumveka mpaka kukhonde. Ziganizo ziwiri zomaliza tinanenera limodzi. "Nos quieren sacar de esta clase." Akufuna kutitulutsa m'kalasi muno. "Nos quedamos." Ife tikhala.

Kenako kumbuyo kunamveka kuwomba m'manja. Anali achiwiri kwa ahedi, akumwetulira ndi mtima wonse, chifukwa bamboyo Chisipanishi sankachidziwa ngakhale moni. Anafunsa Senyora kuti atsikanawa amaliza ndi mawu otani okoma chonchi. Senyora anavula magalasi, nawapukuta ndi mpango wa m'khosi nthawi yaitali ndithu. Kenako anamasulira liwu ndi liwu, osachotsapo, osawonjezerapo. Manja aja anaima m'malere. Ine sindinagwetse nkhope.

Tinapatsidwa chibalo chotsalira ola limodzi anzathu ataweruka, chifukwa chosamvera malangizo a mayeso. Tinakhala m'chipinda chozizira moyang'anizana ndi wotchi, osaloledwa kulankhula, ndipo Misozi ankangoseka m'mphuno. Pa pepala la zotsatira Senyora anatichotsera malikisi, koma pansi pake analemba ndi inki yobiriwira kuti nos aliyense anali pamalo pake. Za kalata ija palibe amene ananenapo kanthu. Tchuthi chonse cha Khirisimasi ndinachidya mtima uli m'mwamba, ndikuyang'ana pakhomo ngati pagwa envulopu ina yoyera.

Mu Januwale, tsiku loyamba la Chisipanishi, tinadutsa kachipinda ka pafupi ndi laibulale osayang'anako, n'kukwera masitepe. Tinayanika majekete pa hita n'kukhala pamalo athu. Ndinali nditakola mapazi ku miyendo ya desiki, nditatsimikiza kuti wondichotsa anyamula ndi desiki yomwe. Senyora anatsegula buku la mayina. Atafika pa ine anati, "Tiyanjane," bwinobwino, osapuma kaye. Anapitiriza mpaka anati, "Misozi." Nditatembenuka ndinaona kuti anzathu anayi aja a maenvulopu nawonso ali m'mipando yawo. Chingerezi chowonjezera anachisamutsira Lachiwiri pa nthawi ya nkhomaliro, kwa okhawo amene chinkawavutadi. Misozi ankapita, ndipo ine ndinkamudikira pakhomo ndi tchipisi chozizira. Chaka chonsecho ndinayenda chifuwa chili patsogolo, ndikuuza aliyense wofuna kumva kuti ine ndi Misozi tinagwetsa lamulo la sukulu ndi ziganizo ziwiri.

Ndinakhulupirira zimenezo mpaka nditakula. Misozi lero ndi nesi, ndipo m'wodi mwake akabwera wodwala wa ku Colombia amene Chingerezi chamuthawa chifukwa cha ululu, amaitana iyeyo. Tsiku lina tikukonzekera ukwati wake ku Wembley, ndinkasenda karoti ndi amake m'khitchini, ndipo ndinayambanso kudzitama ndi nkhani yakale ija. Amake Misozi anaika mpeni pansi n'kundiyang'ana ngati ndidakali wa zaka khumi ndi ziwiri. Anandiuza kuti m'mawa umene ndinang'amba fomu uja, mayi anga sanapite kukagona. Anakagogoda kwa iwo, n'kuwauza kuti asinthane shifiti ndi mnzawo, ndipo awiriwo anakwera thiramu yotsatira, kumbuyo kwathu. Anakhala pa mipando ya pulasitiki kunja kwa ofesi mpaka anawalowetsa. Anapitako m'mawa katatu, ndipo ulendo wachitatu anatenganso makolo a ana ena aja. Senyora nawonso anali atalemba kalata yawo, yokhala ndi malikisi a Misozi. Pamene ife tinkaimirira kutsogolo kwa kalasi, nkhaniyo inali itatsala pang'ono kutha.

Nditawafunsa mayi chifukwa chimene sanandiuzire, anangoti ndinali ndi nkhondo yanga, ndipo sanafune kundilanda. Pa zaka khumi ndi ziwiri, mu nos uja ndinkawerengamo anthu awiri, ndipo mayi ndinali nditawaika kunja, pamodzi ndi fomu ndi ofesi. Sindinkadziwa kuti pamene ndinali pamwamba kuloweza ziganizo, nditawakwiyira, iwo anali pansi pa denga lomwelo, jekete pamwamba pa yunifolomu, akulimbana ndi tulo pa mpando wa pulasitiki. Ndimakumbukirabe dzanja lawo lozizira pa tsaya langa m'mawa umenewo, ndi liwu limene sindinaliyankhe. Masiku ano ndikamachoka kwawo, ndimayamba ndine kulinena.